Mbewu za makolo kuno ku Harare: kusunga, kugawana ndi kugulitsa popanda kuphwanya lamulo

Agogo anga aakazi anafika ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, mu 1959, kutsatira agogo aamuna amene anali atayamba kale ntchito yophika ku Avondale. Pochoka ku Ntcheu ananyamula zovala zochepa, mphika umodzi ndi kansalu komanga mfundo zinayi. M'mfundomo munali chimanga cha makolo, khobwe, nzama ndi nthanga za maungu. Chimangacho ndikulimabe mpaka lero kuno ku Mufakose. Nzama zinatitayika m'chilala cha 1992. Tinaphika zomaliza njala itafika posauzana, ndipo panalibe mnansi ndi mmodzi yemwe amene tinali titamupatsako kuti tikapemphe mvula itabwerera.

Chaka chatha titaweruka ku CCAP, mayi wina anandikokera pambali n'kundifunsa monong'ona: "ANaphiri, kodi n'zoona kuti munthu akagulitsa mbewu ya makolo amamangidwa?" Anali atasiya kugulitsa khobwe wake chifukwa cha mantha, pamene mnzake wina ankalongedza chimanga m'timapepala n'kulembapo kuti mbewu, osadziwa kuti iyeyo ndiye akuyenda m'mphepete mwa phompho. Ndiye ndati ndilembe zimene ndikudziwa, za lamulo ndi za m'munda zomwe, chifukwa ziwirizi zimayendera limodzi.

Lamulo lalikulu la mbewu m'dziko muno ndi Seeds Act, Chapter 19:13, lochokera mu 1965, nthawi ya Rhodesia. Amene amaliyendetsa ndi a Seed Services Institute, ku Fifth Street Extension, pafupi ndi Botanic Garden. Lamuloli limati wogulitsa mbewu akhale wolembetsedwa. Koma gawo 8 lomwelo limene likunena zimenezi lili ndi khomo limene ambiri salidziwa: limati kulembetsaku sikukhudza mlimi amene walima yekha mbewu n'kuigulitsa kwa munthu amene akukaibzala yekha. Onetsetsani zinthu zitatuzo. Mwalima ndinu, mukugulitsa ndinu, ndipo wogulayo akupita nayo kumunda kwake, osati kukaigulitsanso. Mayi wa khobwe uja analibe chifukwa chosiyira. Koma mukayamba kupikula khobwe kwa alimi a ku Mutoko kapena ku Murehwa n'kumamugulitsa pa Mbare Musika monga mbewu, mwatuluka pakhomo paja, ndipo mukufunika kulembetsa.

Chimanga ndiye nkhani ina. Pali mbewu zisanu ndi zitatu zimene boma limati zogulitsidwa monga mbewu zikhale zoyesedwa ndi kutsimikizidwa: chimanga, soya, fodya, thonje, tirigu, balere, oats ndi mbatatesi. Ndipo kuti mtundu wa mbewu utsimikizidwe, uyenera kuyamba walowa m'kaundula wa boma. Kuti ulowe amauyesa ngati uli wosiyana ndi mitundu ina, ngati mapesi ake onse ali ofanana, ndi ngati susintha chaka ndi chaka. Chimanga cha agogo chingagwe pamayeso achiwiriwo tsiku loyamba lomwe. M'munda mwanga phesi lina limatalika kundiposa, lina limalekezera paphewa, lina limacha msanga, lina mochedwa. Kwa oyesa chimenechi n'chilema. Kwa ine ndi chimene chinandipatsa matumba awiri mu 2024, chaka cha El Niño chimene boma linalengeza kuti kwagwa tsoka la chilala, chifukwa zina zinapsa koma zocha msanga zinapulumuka.

Choncho chimanga cha makolo ine sindigulitsa monga mbewu. Ndimapatsa. Wofuna amabwera ndi kabotolo, ndimamuthirira, ndipo ndimalemba dzina lake m'kabuku kuti tsiku limene changa chidzalephere ndidzadziwe khomo loti ndigogode. Kupatsa n'kuika, anatero akuluakulu, ndipo pa nkhani ya mbewu mawuwa ndinawaphunzira ndi misozi pa nzama zija. Ndalama ya chimangachi ndimaipeza pa chakudya, chimene lamulo la mbewu silichikhudza: mondokwa mu Febuluwale ndi Malichi, mphale ndi ufa woyera m'chilimwe. Anthu akwathu a ku Mbare, Dzivarasekwa ndi Tafara amachita kulimbirana ufa umenewu, poti chimanga cha makolo n'cholimba njere, chikakonoledwa sichiphwanyika kuthera mu gaga ngati chimanga chofewa cha haibulidi. Koma musachite zolemba kuti "chakudya" papepala uku mukutsinzinira wogula kuti akabzale. Chinyengo chotere chimangoipitsa mbiri ya tonse.

Lamuloli sindidana nalo lonse ayi. Nyengo ina ndinafuna kuonjezera kamunda, ndipo ndinagula thumba la makilogalamu awiri kwa mnyamata wina pamsewu, lotchipa, lolembedwa bwinobwino, njere zake zobiriwira ngati za m'sitolo. Nditaviika dzanja m'madzi n'kugwira, utoto unatsalira m'manja. Ndinabzalabe poti ndalama inali itapita. Zinamera mwa apo ndi apo, ndipo zimene zinamerazo zinabereka tizitsononkho tonga chala. Chinali chimanga chakudya chopaka utoto. Munthu wotere lamulo limugwire ndithu. Chimene chimandiwawa n'chakuti lamulo linasokedwa pa msinkhu wa makampani okha. Dziko lino limanyadira SR52, haibulidi yotchuka imene inatuluka mu 1960 pa malo ofufuzira a Salisbury, ndipo kampani ya mbewu ya Seed Co inayamba mu 1940 monga bungwe la alimi a mbewu ya chimanga. Koma SR52 yomweyo makolo ake anachokera ku Salisbury White ndi Southern Cross, mitundu imene alimi ankangobwezera okha m'munda. Mwana anakula n'kutsekera makolo ake panja.

Pali lamulo linanso loti mulidziwe, Plant Breeders' Rights Act, loteteza mitundu imene makampani ndi ofufuza anapanga. Limalola mlimi wa munda wosafika mahekitala 10 kubzalanso pamunda pake zimene wakolola ku mtundu wotetezedwa, koma silimupatsa ufulu wochita nazo malonda a mbewu. Tanthauzo lake kwa ife ndi ili: musatenge zokolola za haibulidi ngati SC403 kapena SC513 n'kumagulitsa monga mbewu, kaya pa dzina lake kaya pa dzina la makolo. Ngakhale lamulo likanakhala chete, haibulidi yobwezera imabalalika mtundu ndipo zokolola zimatsika, ndiye mukhala mukumubera mnzanu chaka chathunthu.

Ena akamva za mapangano a mayiko amalimba mtima mopitirira. N'zoona kuti pangano la mayiko la 2001 lokhudza mbewu za chakudya, limene Zimbabwe ndi Malawi analowamo, ndime 9 imakamba za ufulu wa alimi wosunga, kusinthana ndi kugulitsa mbewu zawo. N'zoonanso kuti mu 2018 bungwe la United Nations linavomereza chikalata cha ufulu wa alimi ang'onoang'ono, ndipo ndime 19 ndi ya mbewu. Amene anamenyera chikalatachi kwambiri ndi a La Via Campesina, gulu la alimi ang'onoang'ono a m'mayiko ambiri, pa nthawi imene likulu lawo linali kuno ku Harare ndipo mtsogoleri wawo anali mayi Elizabeth Mpofu a ku Shashe, ku Masvingo. Koma ndime 9 ija imanenanso kuti zonsezi zimatsata malamulo a dziko lililonse. Woyendera akakupezani ndi timapepala ta chimanga pamsika, pangano la 2001 lija silikuwombolani. Ndipo mumzinda womwe uno, ku Belgravia, muli likulu la ARIPO, bungwe la mayiko a mu Africa loteteza umwini wa zimene anthu apanga ndi nzeru zawo, limene mu 2015 linakhazikitsa pangano loteteza opanga mitundu ya mbewu lotchedwa Arusha Protocol, motsanzira pangano la mayiko la UPOV 1991, dongosolo limene limapanikiza kwambiri mlimi wobwezera mbewu yotetezedwa. Chingwe chikukokedwa mbali ziwiri, ndipo ife tikakhala chete chipita kumene kuli ndalama.

Tsopano za m'munda, chifukwa ufulu wogawa mbewu ulibe phindu ngati mbewuyo yasanduka china.

Chimanga chimakwatitsidwa ndi mphepo. Mungu wa pa ngayaye umauluka n'kukagwa pa ndevu za chimanga cha munda wina. Alangizi amati pakati pa mitundu iwiri pakhale mamita 200 kapena kuposa. Kuno ku Mufakose malire a munda wanga ndi wa mnansi ndi mzere umodzi wa mbatata, ndipo iye amabzala haibulidi ya Pfumvudza, ndondomeko ya boma yothandiza alimi. Choipa n'chakuti zonse ziwiri n'zoyera, ndiye kusakanikirana sikuoneka chaka chomwecho monga zimachitikira mungu wa chimanga chachikasu ukagwa pa choyera. Mumadzazindikira patapita zaka ziwiri zitatu, njere zitayamba kubonyoka pamwamba, nankafumbwe atayamba kuchikonda, mphale ikuphwanyika mumtondo.

Njira yosavuta ndi kusiyanitsa nthawi. Anzanga amabzala ndi mvula yoyamba yeniyeni, pakati pa Novembala. Ine kachigawo ka mbewu ndimabzala kumayambiriro kwa Okutobala kuseri kwa nyumba, n'kumathirira ndi madzi otsukira mbale ndi a pachitsime, kuti chikamamasula ngayaye anzanga chawo chikadali m'mawondo. Milungu itatu kapena inayi ikasiyana, zakwana. Kuchedwetsa kumathekanso, koma chobzala mochedwa ntchemberezandonda zimachipeza chili chanthete.

Madzi akavuta, gwiritsani mapepala a khaki. Njira iyi ndi yotopetsa koma ndi imene inapulumutsa chimanga cha agogo. Mwana wa chimanga akangotuluka pa phesi, ndevu zisanaoneke, mumuveke kapepala. Ndevu zikatuluka m'kati mwa pepalalo, madzulo ake vekani mapepala akuluakulu pa ngayaye za mapesi ena, mumange pansi. M'mawa mame atauma, cha m'ma 9 kapena 10 koloko, weramitsani ngayaye n'kugwedeza. Mukatsegula mupeza kaufa kachikasu. Sakanizani mungu wa mapesi ambiri m'pepala limodzi, vulani ndevu imodzi imodzi, thirani, vekaninso msanga. Mungu wa chimanga sukhalitsa dzuwa likatentha, ndiye musapite nawo kukamwa tiyi kaye. Ndipo musathire phesi mungu wake womwe. Chimanga chokwatirana pachibale chimafupika chaka ndi chaka mpaka kutha mphamvu.

Pachifukwa chomwecho mbewu isachoke pa zitsononkho zisanu zokha zokongola. Akatswiri amati mapesi 200, ndipo mukachepetsa asatsike pa 100. Kwa munthu wa kamunda ka m'tauni n'zambiri. Ife tinagawana mabanja anayi, lililonse mapesi 50, ndipo tikakolola timasakaniza mbewu pa mkeka umodzi n'kugawananso.

Kusankha kumayambira m'munda, osati pankhokwe. Chimanga chikadali chiwisi yendani m'mizere ndi tinsalu tofiira, muzimanga pa phesi limene laima chilili, lopanda chiwawu pamasamba, lobereka pamsinkhu wabwino, ndiponso makoko ake otseka mpaka kunsonga. Makoko otsekawo ndi amene amaletsa nankafumbwe ndi madzi a mvula. Siyani mizere ya m'mphepete. Ana muwauze kuti cha nsalu yofiira sichootcha. Chikauma mu Epulo kapena Meyi, sendani, tayani chilichonse cha nkhungu, ndipo potong'ola chotsani njere za kunsonga ndi za kutsinde, mutenge za pakati.

Agogo ankapachika chimanga cha mbewu pamwamba pa moto kuti mwaye uchitchinjirize. M'nyumba zathu za m'lokeshoni zophikira magetsi kapena gasi, njira ndi botolo. Koma mbewu yosauma mukaitsekera imafa. Kuluma njere ndi dzino kumathandiza, ikalira kuti "go" yauma, koma mchere ndiye sunama. Yanikani mchere padzuwa uume gwa. Thirani njere m'botolo lagalasi louma mpaka gawo limodzi la magawo atatu, onjezani masipuni awiri a mcherewo, tsekani, khutchumulani kwa mphindi imodzi, siyani mphindi 15, khutchumulaninso. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chinyezi chikadali chochuluka, bwezerani pa mkeka. Ukapanda kumatirira, sakanizani mbewu ndi phulusa losefa, dzazani botolo mpaka kukhosi kuti mpweya uchepe, tsekani zolimba, ikani pamalo ozizira ndi amdima. Pansi pa bedi pali bwino kuposa pamwamba pa kabati pafupi ndi malata. Ngati mwathira mankhwala a m'sitolo, lembani pabotolo ndi zilembo zazikulu, mwana angadzakazinge.

Zinazi sizivuta chotero. Nyemba, khobwe, mtedza ndi nzama zimadzikwatitsa zokha, ndiye kamtunda pang'ono pakati pa mitundu n'kokwanira. Mtedza ndi nzama sungani m'makoko mwake, mudzaswe masiku obzala atayandikira. Khobwe ndiye nankafumbwe amamukonda koposa, phulusa lisachepe. Bonongwe, luni, mpiru ndi therere, siyani mitengo ingapo yamphamvu osaithyola masamba, ikhwime, mudule mitu yake n'kuumitsira m'thumba la pepala pamthunzi. Maungu ndi amene amafuna diso, poti njuchi zimayenda mabwalo onse. Madzulo mangani ndi ulusi duwa lalikazi, lija lili ndi kadzungu kutsinde, limene likuoneka kuti litseguka mawa, mumangenso lalimuna la chomera china cha mtundu womwewo. M'mamawa thothoni lalimuna, chotsani masamba ake, pakani mungu m'kati mwa lalikazi, manganinso, ndipo dzungulo muliike chizindikiro.

Musanapatse kapena kugulitsa munthu mbewu iliyonse, iyeseni. Werengani njere 100 osasankha, yalani pa nsalu yonyowa, pindani, ikani m'pepala la pulasitiki losatseka kwambiri, muziwaza madzi isaume. Pakatha masiku 7 werengani zimene zamera bwino, za muzu ndi mphukira. Chimanga cha m'sitolo chimayenera kumera 90 mwa 100. Chanu chikafika pamenepo, yendani mutu uli m'mwamba. Chikakhala m'ma 70, muuzeni wolandirayo kuti aonjezere njere paphando. Chikatsika pa theka, pitani nacho kuchigayo.

Pogulitsa khobwe, nzama, nthanga za maungu kapena mbewu za masamba, ine ndimachita chonchi. Ndimagulitsa zolima ndekha basi, kwa munthu amene ndamufunsa kuti akukabzala kuti. Pakapepala ndimalemba ndi dzanja dzina la mbewu m'Chichewa ndi m'Chishona, poti ogula ambiri nzama amazidziwa kuti nyimo, luni kuti nyevhe, mawere kuti zviyo. Ndimalembanso mwezi ndi chaka chimene ndinakolola, ndi kuchuluka kwa zimene zinamera. Sindilemba mawu akuti yotsimikizidwa, sindipaka utoto, sinditengera thumba la kampani iliyonse. Malonda akakula, mwina gulu lanu la amayi kapena bungwe lanu la maliro likufuna kumalongedza zambiri n'kuika m'sitolo, kwerani kombi mupite ku Fifth Street Extension mukafunse za kulembetsa ndi kuyezetsa mbewu. Mbewu zimene sizili m'gulu la zisanu ndi zitatu zija zili ndi njira yopepukirapo, yongoona kuyera kwake ndi kameredwe. Safunsa anadya phula. Pamalo omwewo palinso nkhokwe ya boma yosungira mitundu ya mbewu za dziko lino, monga ilili ya ku Chitedze kwathu ku Malawi.

Za kumudzi ndinene mosabisa, chifukwa tonse timachita. Munthu akapita kumaliro ku Dedza kapena ku Mangochi amafuna kubwerako ndi kamtedza ka Chalimbana kapena kachimanga m'thumba la zovala, kudutsa Mwanza, Tete mpaka Nyamapanda. Agogo anatero mu 1959, koma lero mbewu yolowa m'dziko imafuna chilolezo cha a Plant Quarantine Services, amene likulu lawo lili ku Mazowe, ndi chiphaso cha dziko limene ikuchokera chosonyeza kuti ilibe matenda. Pa ichi ndili kumbali ya lamulo. Tizilombo ndi matenda a mbewu amayenda m'timatumba totere, ndipo amene amayamba kulira ndi ife a minda ing'onoing'ono. Musanaganize zodutsitsa pachipata, funsani kaye m'Harare muno. Mabanja akwathu akhala kuno kuyambira nthawi ya chitaganya cha 1953 ndi kale kuposa apo, ndipo m'mabotolo a agogo a ku Mabvuku, Epworth ndi Highfield muli zinthu zimene kumudzi komweko ena anataya.

Pitaninso ku zionetsero za mbewu. Cha mu Seputembala ku Botanic Garden kumakhala chikondwerero cha zakudya ndi mbewu za makolo, kumene kumabwera alimi a m'mabungwe olimbikitsa ulimi wachilengedwe a ZIMSOFF ndi PELUM, ndi ochokera ku nkhokwe za mbewu za m'midzi zimene a Community Technology Development Trust anathandiza kumanga ku Uzumba-Maramba-Pfungwe, Tsholotsho ndi Chiredzi. Musapite chimanjamanja. Tengani timabotolo tanu, chifukwa kumeneko munthu amalemekezeka ndi chimene wabweretsa. Ndi anthu omwewa amene akukankha kuti mitundu ya alimi ikhale ndi kaundula wakewake wosafuna kuti mapesi onse afanane ngati asilikali, ndipo akaitana msonkhano, ife a m'tauni tizipezekapo. Nafenso ndife alimi, ngakhale minda yathu ili m'mphepete mwa njanji ndi pansi pa mawaya a magetsi. Kungoti polima kudambo musiye mamita 30 kuchokera pamtsinje, kuopa kuti mbewu yanu yonse ingatchetchedwe isanache.

Kuchionetsero komweko chaka chatha ndinaima pa tebulo la gogo wina wa ku Mutoko. Pa lichero lake panali nzama zoyererako za diso lakuda lotambalala ngati phiko la gulugufe, zofanana ndi za m'kansalu ka agogo. Ndinazigwira m'manja nthawi yaitali osayankhula. Iye anatenga khobwe wanga, ine anandithirira theka la kapu. Nditafika kunyumba ndinawerenga, zinali 140. Ndinabzala 60 kumapeto kwa Disembala, pa dothi lamchenga losathira manyowa ambiri, ndipo zitayamba maluwa ndinazikwezera dothi. Zina 40 ndinapatsa mayi wa khobwe uja, 40 zotsalazo zinapita kwa mlamu wanga ku Tafara. Mayina awo onse awiri ali m'kabuku.